Kapangidwe ka ufa woyera kuno ku Harare, kuyambira pa njere

Ufa woyera umayambira pa mtundu wa chimanga chimene mwagwira m'manja. Chikakhala cholakwika, ngakhale mukonole mosamala bwanji, mudzatsala ndi mulu wa madeya ndi kamphale kosadzaza n'lichero lomwe. N'chifukwa chake ambiri kuno ku Harare anayesapo kamodzi n'kubwerera ku ufa wa m'mapaketi, akumati ufa woyera ndi wa kumudzi basi. Ine ndinabadwira ku Mufakose, bambo anga anachokera ku Dedza nthawi ya chitaganya, ndipo ufawu ndimapanga pakhomo pano chaka ndi chaka. Zimatheka, bola mudziwe pamene chimanga cha kuno chimasiyanirana ndi cha kwathu.

Tolani njere imodzi muyang'ane pamutu pake. Chimanga cha makolo chimakhala chobulungira pamwamba, chonyezimira, ndipo mukachiluma mano amadandaula. Chochuluka chimene chimalimidwa ku Zimbabwe kuno n'chophwathalala, chili ndi kadzenje pamutu, ndipo mukachiluma chimangofumbutuka. Mumtondo, cholimba chija chimavula khungu n'kutsala chathunthu. Chofewachi chimasweka, ufa wake n'kuuluka pamodzi ndi gaga pamene mukupeta.

Kusiyanaku kuli ndi mbiri yake. Mu 1960 akatswiri a pamalo ofufuzira zaulimi mu Salisbury, Harare yomwe ino, anatulutsa mbewu ya haibulidi ya SR52, imene inamveka kutali chifukwa cha kubereka kwake. Anaipangira mafamu akuluakulu, ndipo chimanga chake chinkapita ku makina a makampani ogaya ufa. Makina alibe nazo ntchito zoti njere ndi yofewa. Mbewu zotsatira, monga R201 ndi R215 zimene alimi ang'onoang'ono a kuno anazilandira ndi manja awiri, zinali zofewa chimodzimodzi. Ku Malawi zinayenda mosiyana. Kwa zaka zambiri anthu ankalima haibulidi kuti akagulitse ku ADMARC, koma m'nkhokwe munkalowa cha makolo, chifukwa amayi ankaona okha kuti chofewacho chimathera mumtondo ndipo anankafumbwe sachedwa kuchiboola. Ena ankati n'kusamva za alangizi. Koma mapeto ake mu 1990 ofufuza a ku Malawi anatulutsa MH17 ndi MH18, haibulidi zolimba zokonoleka bwino, ndipo anthu anazilandira. Mtondo wa amayi ndiwo unauza akatswiri mbewu yoti apange.

Ndiye ngati mukugula, kaya kumsika wa Mbare Musika kaya kwa anthu obwera ndi matumba kuchokera ku Murehwa kapena ku Mutoko, musafunse mtengo musanapise dzanja m'thumba. Pisani mpaka pakati, chifukwa pamwamba amaika chabwino. Lumani njere zingapo. Cholimba kwenikweni chimasowa, koma pakati pa zofewazo zilipo zolimbirapo, ndipo kusiyana kwake mudzakuona pa lichero. Chokhala ndi fumbi loyera pansi pa thumba kapena timabowo, chisiyeni, anankafumbwe anayamba kale kudya.

Amene muli ndi kamunda, ku Dzivarasekwa, Mabvuku, Tafara, Epworth kapena m'mbali mwa misewu momwe ambirife timalima, mbewu ya makolo funsani kwa amayi achikulire a ku CCAP kapena a kumzikiti. Nthawi zambiri pamapezeka agogo amene anasunga kambewu kawo. Zouza mlamu kuti akubisireni mbewu m'chikwama podutsa pachipata cha malire cha Nyamapanda ine sindilimbikitsa, chifukwa mbewu siloledwa kudutsa pachipata popanda chikalata, ndipo ikhoza kubweretsa matenda m'munda mwanu momwe. Mukaipeza, vuto lake ndi ili: minda ya m'tauni ndi yogundana, ndipo mungu wochokera ku ngayaye za haibulidi ya mnzanu umagwera pa ndevu za chimanga chanu. Pakapita zaka zochepa, cha makolo chija chimayamba kuchita kadzenje pamutu. Chochita n'kusiyanitsa nthawi yodzala ndi anzanuwo ndi masabata atatu kapena anayi kuti zisamasule pamodzi, ndipo pokolola muzisankha mbewu pakati pa munda, zisononkho zovala makoko mpaka kunsonga. Potonola za mbewuzo, njere za kumutu ndi kutsinde zipite kumphika, za pakati ndizo musunge.

Kalimidwe nako ndi nkhani. Makolo athu anazolowera mizere. Kuyambira mu 2020 boma la kuno lakhala likulimbikitsa Pfumvudza, yokumba maenje pa kamunda ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi, kuthira manyowa m'dzenjemo, n'kuphimbira nthaka ndi udzu kapena mapesi. Pa nthaka ya mchenga ngati ya ku Epworth njira imeneyi imasungadi chinyezi, ndipo ine ndilibe nayo mlandu. Pamene ndimakana m'pamene munthu adzala chimanga chokhachokha mzere ndi mzere, n'kupopera mankhwala opha udzu. Mukatero mwalima nsima koma ndiwo mwazipha. Munda wa kwathu umakhala ndi maungu oyanga pansi, nyemba zokwera m'mapesi, khobwe m'mphepete, ndipo bonongwe, luni ndi chisoso zomera zokha sitizula zonse popalira. Masamba a dzungu amaphimba nthaka kuti isaume msanga, nyemba ndi khobwe zimasiya chonde, ndipo kuyambira Disembala mpaka Epulo simugula ndiwo zamasamba. Mbale ya nsima ndi nkhwani inachokera m'munda woterowo. Ponyani nthanga ziwiri za dzungu pakadutsa maenje asanu kapena asanu ndi limodzi, osapitirira apo, kuopa kuti maungu angapanikize chimanga chikadali chaching'ono.

Zina ziwiri za kumunda mwachidule. Malamulo a kuno saloleza kulima pafupi ndi mtsinje osasiya mamita 30, ndipo madzi a mu Mukuvisi ndi Marimba si oti munthu azithirira ndiwo zodya ana. Komanso ntchemberezandonda, zimene zinafika kuno cha mu 2016, zimabisala mumtima mwa chimanga. Muziyendera munda m'mamawa, mukaona masamba obooka ndi zitosi zake, thirani dothi louma losakaniza ndi phulusa mumtimamo, kapena mankhwala ngati mwawapeza.

Kukolola kwa m'tauni kumachitika msanga chifukwa cha akuba, mu Epulo chimanga chisanaumitsitse. Musachiike m'thumba chikadali chotero. Sendani makoko, yanikani zisononkho padzuwa pa simenti kapena pa matumba, osati pa dothi. Pofuna kudziwa ngati chauma, ikani njere zodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma, thiranimo mchere wouma pang'ono, tsekani, khutchumulani n'kusiya kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi. Njere zakuda, zobiriwira kapena zofiirira ndi chuku muzitole n'kuzitaya, nkhuku musazipatse. Chuku chimenecho chimasiya poizoni amene saphedwa ndi moto, ndipo amawononga chiwindi pang'onopang'ono.

Tsopano kukonola. Ngati muli ndi mtondo ndi musi, ndiponso msana wake, imeneyo ndiyo njira yabwino pa chimanga chofewa, chifukwa dzanja limamva pamene njere yayamba kusweka. Thirani chimanga mpaka theka la mtondo, wazani madzi odzaza chikhatho kawiri, vundulani ndi dzanja, dikirani pang'ono kuti khungu lifewe. Sinjani mosakwiya. Khungu likayamba kutuluka, khuthulirani m'lichero, petani, bwezerani mumtondo, wazaninso timadzi. Chofewa chimafuna maulendo awiri okha. Ulendo wachitatu umene amayi athu ankachita pa cha makolo, apa ungokuonongerani chakudya. Ena amathira gaga pang'ono mumtondo pa ulendo wachiwiri kuti musi usamamenye njere mwachindunji, ndipo zimathandiza.

Ambirife timapita kuchigayo chokonola. Si chigayo chilichonse chili ndi makina okonolera, choncho funsiranitu musananyamule thumba pamutu. Mukafika, muuzeni wachigayoyo kuti adutsitse kamodzi kokha, ndipo imani pomwepo muziona. Anyamata ena akaona kuti mwatembenuka amabwereza kuti mphale iwale, koma kuwalako n'kumene kukudyerani chimanga. Madeya ndi anu, tengani thumba lachiwiri lowaikamo. Mukafika kunyumba petaninso, chifukwa m'madeyamo mumakhala misere yambiri, tizidutswa ta chimanga chosweka tija. Misereyo muiviike pamodzi ndi mphale, kapena muisunge ya phala.

Kuviika ndi pamene pagona ufa woyera weniweni, ndipo m'pamene anthu amafulumira. Tengani chidebe cha pulasitiki cha malita 20 kapena mtsuko, osati chitini cha dzimbiri. Mphale ifike pang'ono kupitirira theka, chifukwa imafufuma. Thirani madzi mpaka apitirire mphaleyo ndi chikhatho chimodzi. Kuno madzi a pampopi amatha kusowa masiku angapo, ndiye musaviike musanatunge okwanira kudzatsukira, zidebe zina ziwiri kapena zitatu. Mphale yoti yafika nthawi yovuula siidikira mzere wa pamjigo. Vundikirani ndi nsalu kapena chivundikiro chosatseka kwambiri, ndipo madziwo musasinthe. Kuwawasa kumene kukuchitika m'menemo n'kumene kumafewetsa njere, kuyeretsa ufa, ndi kupatsa nsima kafungo kaja kamene munthu wa ku Ntcheu amakazindikira ali pakhomo.

Masiku ake amatengera nyengo. Mu Okutobala, kukutentha, masiku awiri amakwana. Koma Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo chimanga chathu chimauma nthawi yomwe chisanu chikuyamba. Mu Juni ndi Julaye madzi a m'chidebe amazizira moti mphale imatha kukhala masiku anayi kapena asanu isanafewe. Nthawi imeneyo yambani ndi madzi ofunda, oti chala chikhoza kupirira, ndipo masana chidebecho chizikhala padzuwa, usiku chilowe m'khitchini. Musadalire kuwerenga masiku. Pamwamba pakachita thovu, fungo lowawasa likamveka mutangovundukula, tolani njere muifinye pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Ikaphwanyika n'kusiya zoyera m'zala, yakwana. Ikakana, ipatseni tsiku lina. Ikayamba kuterera ndi kununkha ngati chinthu chovunda, yapitirira, ndipo nsima yake idzawawasa mpaka ana kuikana.

Amene mumachita lendi chipinda m'nyumba ya eni, auzenitu amayi a panyumbapo zimene zili m'chidebemo. Anzathu achishona ambiri saviika chimanga chotere, ndipo pa tsiku lachitatu wina akhoza kukutayirani poganiza kuti akukuthandizani. Mtsikana wina wa panyumba yoyandikana nafe anafika pogogoda n'kundiuza mwaulemu kuti, “Amayi, zikuoneka kuti paipi yanu yaphulika kuseri.” Ndinamutengera kuseriko n'kumuonetsa, ndipo pano amabwera kudzapempha ufa akafuna kuphikira apongozi ake.

Yakwana, vuulani. Matsukwa, madzi owawasa aja, akhuthulireni kutali ndi khomo, kumunda kapena pa dzenje la manyowa. Tsukani mphale kawiri kapena katatu mpaka madzi ayambe kuyera, ikani m'dengu kapena m'thumba loluka kuti ikhe, kenako yalani pa mphasa padzuwa maola ochepa. Apa samalani. Mukufuna kuti kunja kuume koma mkati mukhale mofewa. Ikakhala yonyowa kwambiri imatseka sefa ya chigayo, ndipo achigayo a kuno ambiri akangoigwira amakana. Ikaumitsitsa, ufa umatuluka wamiyalamiyala, phindu la kuviika lija n'kutha. Fumbatani m'manja: isamatirire kuchikhatho, koma imveke yozizira.

Tsiku lokagayitsa lisankheni mukudziwa kuti magetsi alipo, chifukwa mphale yovuula ikagona m'thumba usiku umodzi imatentha n'kuyamba chuku. Magetsi akathima mwavuula kale, iyaleni mopyapyala pamthunzi podutsa mphepo, musaimange. Kuchigayoko pemphani sefa yosalala kwambiri. Yang'ananinso amene ali patsogolo panu pamzere. Ngati akugayitsa mapira ofiira, chimera kapena chakudya cha nkhuku, lolani wina wa chimanga choyera adutse kaye, apo ayi ufa woyamba kutuluka muulandirire padera. Ndi zomvetsa chisoni kuvutika sabata yathunthu n'kubwerako ndi ufa wamawangamawanga.

Ufa wochoka kuchigayo umakhala wofunda ndi wachinyezi. Musaugoneke m'thumba. Uyaleni tsiku lomwelo pa mkeka kapena pa nsalu yoyera, mopyapyala, n'kulemba mizere ndi zala kuti dzuwa lilowe. Pakapita ola, phwanyani zibuma, lembaninso mizere mopingasa. Pakhale mwana wolondera nkhuku, ndipo mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene akamvuluvulu amanyamula fumbi ndi mapepala a m'misewu, yanikani m'mawa mphepo isanadzuke, pakona yotchingika ndi khoma. Wauma pamene mukaufumbata n'kutambasula dzanja umangomwazika osasunga zala. Nthawi yozizira zimatenga masiku awiri. Usefeni, uzizire kaye m'nyumba, kenako ulowe m'chidebe chotseka bwino.

Kuphika kwake n'kosiyana pang'ono ndi kwa ufa wa m'mapaketi. Ufa woyera umapsa msanga ndipo umalimba msanga. Madzi akangofunda, thirani ufa pang'ono mukuvundula kuti pakhale phala lopyapyala, lisiyeni libwate mpaka kafungo ka ufa wauwisi katha. Kenako muzithira ufa pang'onopang'ono, mthiko ukuyenda osaima, mukukanikizira m'mbali mwa poto kuti mibulu isweke. Lekani kuthira nsima ikadali yofewerapo kuposa mmene mukuifunira, chifukwa ikamazizira imagwirana yokha. Siifuna kuvundikira nthawi yaitali pamoto ngati mmene anzathu amachitira ndi sadza ya ufa wokhakhala. Omolani ndi chipande choviika m'madzi, mitanda yosalala, ndipo ya abambo kapena alendo iyambe kulowa m'mbale.

Pali chimene ndiyenera kunena ngakhale ufawu ndimaukonda. Kukonola ndi kuviika kumachotsa khungu ndi kamtima ka njere, momwe muli mafuta ndi zambiri zomanga thupi. Ufa wa m'mafakitale kuno, kuyambira mu 2017, lamulo limati azithiramo mavitamini ndi ayironi, koma wopanga tokhawu mulibe zimenezo. Choncho ufa woyera ndi wa nsima ya akuluakulu ndi ya alendo, koma phala la mwana likhale la mgaiwa, lothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, monga mmene Likuni Phala imakhalira. Ine pa matumba atatu alionse, limodzi ndimagayitsa losakonola. Mbali ina, kukonola ndi kutaya matsukwa kumachotsako gawo lalikulu la poizoni wa chuku uja, chifukwa amakhala kwambiri kukhungu. Tanthauzo lake n'lakuti madeya a chimanga chokayikitsa si ophikira chigumu. A chimanga chouma bwino, choyera, aumitseni padzuwa tsiku lomwelo, sefani, osalalawo asakanizeni ndi nthochi zakupsa ndi soda pang'ono muphike chigumu, okhakhalawo apite ku nkhuku.

Nsima ya ufa woyera imafuna ndiwo zoti ziithandize, ndipo apa m'pamene maungu aja akubwezerani. Tcholani nsonga zanthete ndi masamba awiri oyamba, m'mawa dzuwa lisanawafooketse, muwonjezere maluwa amphongo ndi timaungu tating'ono ngati tilipo. Sadzulani, kuchotsa ulusi wa m'mapesi, dulani, ikani m'madzi ochepa owira kale okhala ndi mchere ndi kachidulo kapena soda wa kunsonga kwa supuni. Zikafewa ikani tomato, kenako nsinjiro pamwamba, vundikirani kanthawi musanavundule. Kuno anthu amatendera ndi chiponde cha mtedza wokazinga, ndipo n'zokoma ndithu, koma kakomedwe kake n'kena, kolemera, kophimba nkhwaniyo. Nsinjiro zathu ndi za mtedza wauwisi wouma, wosinja mopepuka n'kusefa, kubwereza mpaka utha. Mukasinja mwamphamvu mafuta amatuluka n'kukhala chiponde. Mtedzanso usankheni, wofota ndi wowawa utayeni, chifukwa chuku chimaukonda kuposa chimanga.

Usipa ukasowa, kapenta wa ku Kariba amalowa m'malo, koma amabwera ndi mchere wambiri. Muviikeni m'madzi ofunda mphindi khumi, tayani madziwo, mukazinge kaye pouma asanaone mafuta ndi tomato, ndipo mchere mulawe kaye musanathire.

Mu Malichi ndi Epulo nkhwani ndi khwanya zikachuluka, futsani. Ziviikeni m'madzi owira mphindi zochepa, tsanulani, yanikani mpaka zizithetheka m'manja. Agogo ankamanga mfutso m'zikwatu za masamba a msuku n'kupachika kudenga la khitchini. M'nyumba za malata za kuno botolo louma lotseka bwino kapena chidebe chaching'ono chimagwira ntchito yomweyo, bola muziutulutsa padzuwa kamodzi pamwezi. Pophika, uviikeni kaye m'madzi ofunda theka la ola, ndipo nsinjiro muthire zochulukirapo kuposa za ndiwo zaziwisi.